Tinamuveka jezi asanamalize pulobeshoni

Mpaka lero Ba Tembo amati ndinafulumira. Akaimba foni kuchokera kwawo ku Chipata sayamba n'kufunsa za ana kapena za mvula ayi, amayamba ndi zomwezo: "Ba Kochi, uja mwana munamutenga mwamsanga." Ine ndimaseka, n'kuwauza kuti adzafa nayo nkhani imeneyi. Tonse tinabwerako ku Dubai, tonse imvi zayamba kutuluka, koma mlandu wa Limbani sunathe.

Ine ku Dubai ndinapita kukagwira ulonda. Osati ulonda wa chibonga ndi tochi uja, koma wa tayi ndi nsapato zonyezimira, panyumba ina yagalasi ku Business Bay, yaitali moti ukati uyang'ane pamwamba pake chipewa chimagwa. Tsiku lonyamuka mkazi wanga sanalire. Anangondikonza kolala n'kunena kuti, "Mukakhale munthu kumeneko." Mwana wathu wamkazi, yemwe anali asanayambe ndi sukulu yomwe, anali kalikiliki kuthamangitsa nkhuku, osadziwa kanthu. Wolira ndinali ine, m'chimbudzi cha pabwalo la ndege ku Lumbadzi, bambo wamkulu ndevu pepeya.

Ntchito yake inali kuimirira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kupereka moni kwa anthu osayankha, ndi kulondera chitseko chimene chinkatseguka chokha. Malipiro akalowa ankangodutsa, ngati abwera kudzapereka moni, ulendo wa kumudzi. Sindidandaula. Nyumba imene ndikukhalamo lero inamangidwa ndi miyendo yanga iwiriyi.

Tinkagona ku Naif, m'chipinda cha mabedi osanjikizana. Kumeneko sulipira chipinda, umalipira bedi, ndipo dziko lako lonse limathera pamene pathera matiresi. Tinalimo Amalawi, Azambia, ndi Mmwenye mmodzi wa ku Kerala dzina lake Biju, yemwe ankanyamula makatoni m'sitolo yogulitsa mankhwala. Munthu ukakhala m'chipinda chotero umadziwa mkonono wa mnzako kuposa wa mkazi wako.

Chimene chinkatisunga ndi mpira. Lamlungu lililonse m'mamawa, dzuwa lisanakwiye, tinkasonkhana pabwalo lina lamchenga cha ku Al Garhoud, pafupi ndi bwalo la ndege. Ndege zinkadutsa pamutu penipeni, moti refu akaimba wezulo pamene ina ikutera, palibe ankamva, anthu ankangopitiriza kumenyana. Tinkasewera ndi Aganda, Akenya, Aghana, aliyense amene wapeza anthu okwanira. Ine anandipatsa ukochi chifukwa bondo langa linali litatha koma pakamwa panali pasanathe. Ba Tembo anali wapampando wa timu. Anali dalaivala wa basi yonyamula antchito a m'mahotela, munthu wamtali, wa mapazi aakulu ngati mabwato, wosaseka wamba.

Timu yathu inali ndi lamulo limodzi lokha, koma lolimba. Munthu watsopano sankavala jezi asanamalize pulobeshoni, miyezi isanu ndi umodzi ija imene kampani imakuyesa isanakulembe ntchito kwenikweni. M'miyezi imeneyo ukangodwaladwala kapena kuvulala, khalas, zatha, amakuuza kuti pakira. Lamuloli silinangobwera. Kunali mnyamata wina wa ku Dedza amene anathyoka mwendo pabwalo lomwelo atangofika kumene. Anabwerera kwawo ndi ndodo, m'thumba mulibe kanthu. Amene anamuperekeza kukakwera ndege ndi Ba Tembo, ndipo kuyambira pamenepo munthu watsopano ankangobwera kudzanyamula madzi ndi kuchemerera.

Ndiye kunabwera Limbani.

Anali wa ku Lunzu, wowonda, bambo wa mwana mmodzi, ndipo anapeza ntchito pahotela ina ku Al Garhoud, yokankha kangolo kamatayala konyamulira nsalu za pabedi ndi matawulo. Anamupatsa bedi la pansi moyang'anana ndi langa. Masabata oyamba tinati ndi manyazi. Aliyense akafika amapukwa, si zachilendo. Koma uyu kupukwa kwake kunali kwina. Akaweruka ankangogona chagada, maso ali gwa pa matabwa a bedi lapamwamba. Ukamupatsa chakudya, "Ndakhuta, madala." Wakhuta chiyani? Yunifomu inayamba kumulendewera. Tinamutengera ku tchalitchi, anangokhala. Tinamutengera kukaona nyumba zazitali zija anthu amajambulitsapo, anayang'ana pansi.

Mwezi wachiwiri ukutha anandifunsa funso limene sindinalikonde.

"Madala, munthu akafuna kuti amukansele amauza ndani?"

Kukansela ndiko kuthetsa viza ya ntchito n'kubwerera kwanu. Ndinayang'ana pansi pa bedi lake ndipo chikwama chinali chomangamanga kale.

"Iwe, wapenga? Upita kwanu ndi chiyani, ndi kutentha kwa Dubai m'thumba?"

"Sindingathe, madala. Kuno ndifa."

Ndinapsa mtima. Ndinamulalatira za mkazi wake, za mwana wake, za anyamata amene akulakalaka mwayi ngati wakewo. Iye misozi ili chuchuchu, osaipukuta n'komwe. Mawu anga ankangogwa pansi.

Tsiku lina ndinasolola chikwama cha timu pansi pa bedi langa kuti ndichape majezi. Mpira unagubuduka n'kulowera kwa Limbani. Anali atakhala m'mphepete mwa bedi, mutu uli pansi. Abale, munthu uja sanauyang'ane n'komwe. Phazi linangoutola lokha, kuukweza pabondo, kuubweza paphazi lina, kuukhazika pamsana pa phazi uli phee ngati wamatidwa. Pakati pa mabedi aja munthu sungadutse ndi mnzako, koma iye anautembenuza mpira pamenepo osagunda kanthu. Ndinangoti kukamwa yasa.

"Unkasewera kuti?"

"Katimu kena ka ku Lunzu konko. Ndinasiya."

Anaubweza mpira uja, n'kugonanso. Koma ine ndinali nditaona nkhope yake pamene mpira unali paphazi. Munali munthu m'menemo.

Lamlungu lotsatira titamaliza kusewera tinakhala pamthunzi wa basi ya Ba Tembo, tikumwa tiyi wamkaka uja amati karaki m'timakapu tapepala, ndipo ndinaitulutsa nkhani. Ndinati Lamlungu likubweralo, pokumana ndi Aganda, Limbani avala jezi. Eee, ndinakhala ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Ba Kochi, imwe," anatero Ba Tembo m'Chinyanja chawo cha ku Chipata, "uyu mwana akali mu pulobeshoni. Mufuna kumupaya?"

"Akufa kale, Ba Tembo. Simukumuona?"

"Ayembekeze chabe. Tonse tinayembekeza. Ni ndani wamene sanalile kuno?"

"Sayembekeza ameneyu. Chikwama wamanga kale."

"Manje akathyoka? Muzamunyamula ndimwe kupita naye ku eyapoti? Ine ninapeleka kale mmodzi, sinifuna wachiwiri."

Anyamata ena anali mbali ya Ba Tembo. Wina anati lamulo likaphwanyidwa kamodzi latha, mawa aliyense adzabwera ndi mlamu wake. Wina anati thupi la munthu watsopano silinazolowere kutentha kwa kuno, adzakomoka chigawo choyamba chisanathe. Ba Tembo anandiloza ndi kapu yawo n'kunena mawu amene anandilasa: akuti ine sindikumvera chisoni mwanayo ayi, ndangotopa ndi kugonja kwa Aganda. Sindinama, m'menemo munali kachoonadi. Aganda aja anali atatizolowera moipa, ndipo kochi aliyense akaona phazi ngati lija malovu amadzadza m'kamwa. Koma sichinali chokhacho, ndipo ndinawauza mokweza mpaka ndege ina inandithandiza kutseka pakamwa.

Panali mayi wina, Anachisale, wolera ana m'nyumba ya Mwarabu wina, amene ankabwera kudzatichemerera akapatsidwa tsiku lopuma. Iwo anati, "Inu azibambo mumagona chipinda chimodzi, simudziwa. Ine chaka changa choyamba ndinkalankhula ndi makina ochapira zovala. Pakanabwera munthu n'kundiuza kuti tiye ukathyoke mwendo koma ukaseke ndi anzako, ndikanapita wothamanga."

Palibe anaseka. Ba Tembo anakhuthulira pansi tiyi wotsala.

"Chitani," anatero. "Koma nakamba."

Limbani ndinamuuza zonse, osabisa. Ndinamuuza za mnyamata wa ku Dedza, ndi kuti akavulala palibe wa ife angakaime pamaso pa supavaiza wake.

"Madala, kwathu ndikupita kale. Bola ndipite nditamenyako mpira."

Sabata imeneyo anadya. Osati kwambiri, koma anadya.

Lamlungu lija Ba Tembo sanandipatse moni. Jezi inamukulira Limbani, nsapato tinachita kubwereka. Aganda atamuona anaseka, wina n'kufunsa ngati tayamba kutenga ana asukulu. Mpira utayamba kuseka kunatha. Mnyamata uja ankayenda pamchenga ngati ndi pakhonde pa kwawo. Anamudyetsa njomba wotchinga kumbuyo wawo wamkulu, chimunthu chogwira ntchito yonyamula zitsulo, mpaka chinakhala pansi chokha. Anachisale anakuwa mpaka mawu anasasa. Chigawo choyamba chisanathe Limbani analandira mpira pachifuwa, kutembenuka, n'kuuponya pakona. Goloboyi anangouperekeza ndi maso. Ine ndi bondo langa lowola ndinathamanga kulowa m'bwalo, refu akundithamangitsa, ndikukuwa kuti, "Yalla! Yalla! Tiyeni! Mwamuona?" Ndinanyada tsiku limenelo, ndinanyada zedi.

Chigawo chachiwiri chimunthu chija chinabweza. Sindinena kuti chinachita dala, koma chinalowa ndi miyendo yonse iwiri. Limbani anagwa, anagubuduka, osadzuka. Bwalo lonse linati zii. Sindinayerekeze kuyang'ana kumene kunali Ba Tembo.

Fupa silinathyoke, koma phazi anabinya koopsa. Ndipo kuti mudziwe kuti tsikulo silinali langa, Aganda anabweza chigoli chija n'kuwonjezera zina ziwiri. Tinagonja ndithu. Munthu wavulala, masewero taluza, lamulo taphwanya. Ba Tembo anali ndi zonse zoti anene. Koma anangomunyamula Limbani pamsana kupita naye m'basi. Chodabwitsa n'chakuti wovulalayo ndiye anali kulongolola. "Munaona m'mene anakhalira pansi? Madala, munaona?" Akuseka, misozi ya ululu ikutuluka, akusekabe. Kanali koyamba kumva kuseka kwake, ndipo kunali kuseka koipa, kokhala ngati kwa bulu.

Titafika ku Naif tinachita zimene aliyense wa kwathu akanachita. Tinawiritsa madzi, kutenga tawulo, n'kuyamba kumuthowa. Wina akuthowa, wina akukoka zala, wina akusisita mwamphamvu kuti magazi ayende. Tinathowa ndi mtima wonse. Pofika masana phazi lija linali ngati papaya. Biju atalowa n'kuona nthunzi ikufuka anagwira mutu. Anatikalipira m'Chingerezi, m'chinenero cha kwawo, ndi m'Chiarabu chomwe, akuti phazi longobinya kumene silifuna moto, lifuna ayisi. Ife tinati kwathu timathowa. Iye anati ndiye chifukwa chake kwanu mumatsimphina. Anathamangira kusitolo n'kubwera ndi thumba la ayisi ndi bandeji, ndipo ife akuluakulu a mpira tinaima pambali ngati ana oswa mbale.

Vuto linali la mawa lake. Limbani ankayenera kukalowa shifiti ya m'mawa, ndipo phazi silinkalowa mu jombo yake ya kuntchito. Tinayesa kumasula zingwe zonse, tinayesa sopo, ayi ndithu. Kujomba kukanabweretsa mafunso, ndipo mafunso akanafika ku mpira. Ndinakhala pabedi langa mutu uli m'manja, ndikuona kale ulendo wa ku eyapoti.

Kunja kukuyera Ba Tembo analowa, atanyamula jombo imodzi. Yawo, ya kumanzere, yaikulu ngati mtondo.

"Vala iyi," anatero. "Ukayenda uziyedzamira pa ngolo yako. Osathamanga. Akakufunsa, ukambe kuti nsapato inakuluma."

Phazi linalowa ndi bandeji yomwe. Limbani anaimirira, jombo ina yaing'ono ina yaikulu, buluku atalitsitsa kuti libise. Ba Tembo anamukweza m'basi yawo, ngakhale hotela ya Limbani sinali panjira yawo, n'kukamutsitsa pakhomo penipeni pa antchito. Anachita zimenezo m'mawa uliwonse mpaka phazi linaphwa. Madzulo Biju ankamanga bandeji, ine ndinkaphika ndi kumuchapira yunifomu. Mnyamata uja anakankha kangolo kake m'makonde a hotela atakayedzamira ngati nkhalamba yokankha njinga pachitunda, akulumira mano, akumwetulira alendo. Supavaiza anamuyang'ana kangapo, tsiku lina mpaka anayang'anitsitsa jombo zija, koma ntchito inali ikuyenda ndipo sanafunse.

Masabata amenewo ine sindinkapeza mtendere. Foni ikalira ndili pantchito ndinkangoti basi amugwira. Ba Tembo ankalankhula ndi aliyense m'chipindamo kupatula ine. Koma chikwama chija pansi pa bedi la Limbani chinamasulidwa. Zovala anazipachika pa msomali. Anayamba kukangana ndi Azambia za matimu a ku Ulaya, kuba anyezi wa Biju, kuimba m'bafa. Tinayamba kudandaula kuti mwana uyu ndi waphokoso.

Tsiku limene anamaliza pulobeshoni anabwera ndi nkhuku yootcha ndi mikate ija yopyapyala ya Aarabu, tinadya tonse pansi pakati pa mabedi. Ndinayang'ana Ba Tembo n'kunena kuti, "Nanga pamenepa, wapampando?"

"Munachita mwayi chabe," anatero akutafuna. "Mwayi si nzelu. Sembe fupa linathyoka, sembe tikamba zina."

"Tikanadikira tikanapeza bedi lopanda munthu."

"Kapena. Koma munafulumira."

Poti ndinene zoona, zimene amanena Ba Tembo si zopusa. Chala chimodzi chokha kumbali, fupa likanathyoka, ndipo ine ndikanakhala munthu amene anabweza mwana wa eni kwawo ndi ndodo. Ndimazidziwa. Lamulo lija sitinalichotse, ndipo sindinaliphwanyenso. Koma ndikabwerera tsiku lija pamthunzi wa basi, ndinganenenso zomwezo, mokweza momwemo.

Zaka zinapita. Miyendo inatopa ndi kuimirira, ndipo ndinaganiza zobwerera. Ukochi ndinasiyira Limbani, yemwe panthawiyo anali atakwezedwa kukhala woyang'anira anzake pahotela paja, atanenepa mpaka jezi kumuthina. Kumudzi ndinapeza mwana wanga ali namwali wa ku sekondale. Anandigwadira n'kundipatsa moni waulemu ngati wopatsa abusa, kenako anathawira kukhitchini. Zinandipweteka. Mkazi wanga anali atatsegula kagolosale, akudziwa yekha mitengo ya zonse, ndipo ndikati ndipereke maganizo ankandimvetsera mwaulemu n'kuchita zake. Ndinatenga nthawi kuti ndipeze pokhala m'nyumba yanga yomwe.

Limbani anali atandipatsira katundu wa banja lake, ndiye Loweruka lina ndinakwera minibasi kupita ku Lunzu. Ndinapeza nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, mwana wamwamuna akusewera pabwalo, wina wamng'ono ali kumsana kwa mayi ake. Mkazi wa Limbani anandiyalira mkeka pakhonde, n'kukhala chapatali. Tinafunsana za moyo, za ulendo, za kutentha kwa kumeneko. Kenako anayamba kusewera ndi ngodya ya chitenje.

"Bambo, inu munali nawo kuyambira pachiyambi?"

"Eya, mayi. Bedi lawo linali moyang'anana ndi langa."

"Ndiye mukudziwa. Miyezi yoyamba ija ankaimba tsiku lililonse akulira, akuti ndiwalole abwere. Ine ndinkakana. Ndinkawauza kuti limbani mtima, koma ndikadula foni ndinkadziona ngati mfiti. Ndinafika poganiza kuti ndidzalandira bokosi." Anapukuta m'maso. "Ndiye Lamlungu lina anaimba akuseka. Akuti phazi latupa, akuti amwetsa chigoli. Ndinawakalipira kuti munapitira mpira kumeneko? Koma nditadula foni ndinagwada pansi pomwepa n'kuthokoza Mulungu."

Ndinangogwedeza mutu.

"Anandiuza kuti panali lamulo loti asasewere, koma munthu wina anakakamira mpaka kukangana ndi anzake. Dzina sananditchulire, akuti ndingamulalatire. Kodi munthu ameneyo ndi ndani?"

Ndinayang'ana njira yotulukira pageti. Mayi uja nkhope yake sinkaonetsa kuti kukubwera chiyani. Koma ndinawongola msana ngati ndili pachitseko cha ku Business Bay.

"Ndine, mayi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anadzuka, anamangitsa chitenje, n'kuitana mwana wamkulu uja.

"Iwe, siya zimenezo. Thamangitsa tambala wofiira uja, alendowa sachoka lero asanadye."